Chidendene chikamapweteka pamodzi ndi msana: zoyenera kuchita

Pali nyamakazi ina imene siyembekezera ukalamba. Imagwira munthu asanafike zaka 45, ndipo ambiri amayamba kuimva ali m'zaka za m'ma 20. Kwawo kwenikweni kwa matendawa ndi mu msana ndi m'mafupa a m'chiuno, koma chimene chimamutumiza munthu kuchipatala kawirikawiri ndi chidendene. Amafika akutsimphina, n'kufotokoza za phazi lokha, n'kulandira Panado kapena Bufeni wa masiku ochepa. Za msana umene umauma gwa m'mawa uliwonse satchula, poganiza kuti ndi matiresi kapena kutopa ndi ntchito. Zaka zimatha choncho, phazi likuthandizidwa palokha, msana paokha, pomwe gwero lake ndi limodzi.

Madokotala amatchula gulu la matendawa kuti spondyloarthritis, ndipo odziwika kwambiri m'gululi ndi ankylosing spondylitis. Kutupa kumene tikukamba pano amati enthesitis. Kumachitika pamalo pomwe mitsempha yolimba ija, osati ya magazi, imamera pa fupa. Ina mwa mitsemphayi imamangirira mnofu ku fupa, ina imamanga fupa ku fupa linzake. Chingwe cha mbuzi chimayamba kudyeka pamfundo pomwe achimanga ku chikhomo, chifukwa mphamvu yonse yokoka imathera pamenepo, ndipo m'thupi n'chimodzimodzi. Kwa anthu ambiri timabala ting'onoting'ono ta pamalo amenewa timapola tokha osadziwika n'komwe. Kwa amene ali ndi matendawa chitetezo cha m'thupi chimadzuka mopyola muyezo. Pamalopo pamatupa, fupa limadyeka pang'ono, kenako thupi pofuna kukonza limameretsa fupa latsopano pomwe silikufunika. Pa chidendene pamamera kafupa kosongoka. Mu msana, pakapita zaka zambiri, fupa lotere limatha kulumikiza timafupa ta msana mpaka munthu kulephera kuwerama kapena kucheuka.

Choyamba, fufuzani ndi chala chanu

Musanapite kulikonse, dziwani pamene pakupweteka penipeni. Khalani pansi, vulani nsapato, ndipo dinikizani ndi chala chachikulu mpaka chikhadabo chiyere pang'ono. Mphamvu imeneyo ndi yokwana. Yambani kumbuyo kwa chidendene, pomwe pamathera mtsempha waukulu wochokera ku katumba, umene amautcha Achilles. Imirirani, wina akuyang'aneni kumbuyo n'kuyerekeza mapazi onse awiri. Mbali yodwala imaoneka yonenepa ndipo nthawi zina imatentha mukaigwira. Kenako dinikizani kunsi kwa chidendene, chakutsogolo pang'ono mbali ya mkati, pomwe pamayambira mtsempha wotambalala umene umayala kuphazi mpaka ku zala.

Awiriwa ndiwo malo amene amadwala kwambiri, koma alipo ena. Yesani m'munsi ndi pamwamba pa kafupa kozungulira ka pabondo, m'mbali mwa chigongono, pa fupa la chiuno pomwe pamadutsa lamba, m'mbali mwa ntchafu kumtunda pomwe mumagonera, ndi mafupa a m'matako amene mumakhalira. Ngati benchi ya kutchalitchi kapena mpando wa minibasi umakusautsani kuposa anzanu, mafupa amenewo ayeseni bwino. Malo ena amene amaopsa anthu ndi pachifuwa, pomwe nthiti zimakumana ndi fupa lapakati. Pamabaya mukatsokomola, mukayetsemula kapena mukakoka mpweya wambiri, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi mtima. Ululu umene umabwera mukadinikiza ndi chala nthawi zambiri ndi wa nthiti, komabe za pachifuwa musamadziweruzire nokha, adokotala aziona.

Tisathamange. Si chidendene chilichonse chopweteka chimene chili ndi nyamakaziyi. Mayi wogulitsa mu msika wa Limbe amene amaima pa simenti tsiku lonse, mlonda, mphunzitsi, kapena bambo wonenepa wa zaka 50, onsewa amatha kumva kubaya kunsi kwa phazi akangoponda pansi m'mawa, koma chifukwa chake ndi kulemedwa kwa phazi basi. Chokayikitsa ndi pamene wodwalayo ali wamng'ono, zidendene zikupweteka zonse ziwiri kapena mosinthana, kumbuyo kwa chidendene kwatupa popanda kuvulala, malo opweteka ndi angapo, ndipo msana nawo ukudandaula.

Chachiwiri, onani khalidwe la msana

Msana wa munthu amene wanyamula thumba la chimanga molakwika umapweteka akamagwira ntchito, akagona umapepuka. Msana wa nyamakaziyi umachita zotsutsana ndi zimenezo. Umayamba pang'onopang'ono, umapitirira miyezi 3, umauma m'mawa kwa mphindi zoposa 30, ndipo umamasuka munthu akayamba kuyenda. Kupuma sikuuthandiza. Umadzutsa munthu m'bandakucha, mpaka ena amadzuka n'kumayendayenda m'nyumba kuti ululu uchepe. Ululu wina umakhala mkati mwa thako, lero kumanja, sabata yamawa kumanzere.

Kwa masabata awiri lembani m'kope kapena mu foni nthawi imene mwadzuka, mphindi zimene zadutsa thupi lisanamasuke, malo amene apweteka, ndi ngati ululu unakudzutsani usiku. Kumbukiraninso zinthu zina zimene simungaganize kuti zikukhudzana ndi phazi. Kodi diso linayamba lafiirapo n'kumapweteka mukayang'ana kuwala? Vuto limeneli limagwera pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi odwala ankylosing spondylitis. Kodi muli ndi zigamba zoyera zosendeka pa zigongono, m'mawondo kapena m'mutu, kapena zikhadabo zokumbikakumbika? Chala cha kuphazi chinayamba chatupapo chonse kuyambira patsinde mpaka kunsonga? Mumatsegula m'mimba kawirikawiri, nthawi zina mwamagazi? Alipo pabanja panu amene anapindika msana akadali wamng'ono? Ndipo ili musalichitire manyazi: ngati ululu unayamba patangopita sabata imodzi mpaka 4 mutatsegula m'mimba kwambiri, kapena mutamva kuwotcha pokodza ndi kutuluka zoipa kumaliseche, nenani. Tizilombo ta m'matumbo monga Salmonella ndi Shigella, komanso chlamydia wopatsirana pogonana, timatha kudzutsa nyamakazi ya m'gulu lomweli.

Zimene simuyenera kudikira nazo

Kuno kwathu munthu wodwala msana kwa miyezi ayenera kuganiziridwa za TB ya m'mafupa asanaganiziridwe china chilichonse. Ngati mukutentha thupi, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, pa msana patuluka kalinunda, miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikukupulumukani, pitani tsiku lomwelo. Bondo kapena kakolo wotupa mwadzidzidzi, wotentha, thupi lonse likutentha, angakhale ndi mafinya mkati. Diso lofiira lopweteka, losafuna kuwala, nalo ndi la tsiku lomwelo. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth muno mu Blantyre, kuli chipatala cha maso cha Lions. Musadonthezemo mankhwala otsala a mnzanu kapena azitsamba, chifukwa kutupa kwa mkati mwa diso kukachedwa kumaononga maso.

Chachitatu, kuchipatala mukanene zonse pamodzi

Njira ya boma imayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Limbe, ndipo iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani ku Gulupu. Tengani buku lanu la kuchipatala, kope lija, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ogula pa golosale omwe. Mzere umakhala wautali ndipo adokotala ali ndi mphindi zochepa, choncho konzekerani mawu anu. Mungathe kunena chonchi: "Adokotala, zidendene zanga zakhala zikupweteka miyezi yambiri, komanso msana umauma m'mawa pafupifupi ola lathunthu, ndikayenda umamasuka, ndipo usiku umandidzutsa." Mawu amenewa amalozera adokotala njira ina kusiyana ndi kungoti phazi likupweteka.

Akhoza kuyeza magazi kuti aone kutupa kwa m'thupi, kuyeza kumene amati ESR ndi CRP. Zotsatira zikatuluka zabwino sizitanthauza kuti mukunama, pakuti odwala ambiri a matendawa magazi awo saonetsa kanthu. Akhozanso kujambula X-ray ya m'chiuno kuti aone polumikizira msana ndi mafupa a chiuno. Kumeneko ndi kumene matendawa amayambira, koma kusintha kwake kumatenga zaka kuti kuoneke pa X-ray, ndiye chithunzi choyera cha chaka choyamba sichitseka nkhani. MRI, njira ina yojambulira mkati mwa thupi, imaona kutupa msanga, ngakhale makina ake ndi ochepa. Pa chidendene, sikani yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera imatha kuonetsa kunenepa kwa mtsempha ndi kudyeka kwa fupa.

Mukawerenga pa intaneti mudzapeza zambiri za kuyeza kwa magazi kotchedwa HLA-B27. Mwa azungu odwala ankylosing spondylitis, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali ndi chibadwa chimenechi. Kwa anthu a kuno kumwera kwa Africa chibadwachi n'chosowa kwambiri, ndipo munthu amatha kudwala alibe. Ine ndikuona kuti kutaya ndalama zambiri pa kuyeza kumeneku poyambirira si nzeru, pokhapokha adokotala atapempha okha. Kuyeza kumene kuli ndi phindu lalikulu kuno n'kwaulere, ndiko kwa HIV. M'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku Lusaka anaona kuti nyamakazi ya m'gululi, imene kale inali yosowa, inachuluka pamodzi ndi kachilomboka. Amene wapezeka nako akayamba ma ARV, kawirikawiri nyamakaziyo imachepa mphamvu.

Chachinayi, mankhwala

Mankhwala oyamba ndi ochepetsa kutupa monga ibuprofen, amene ambiri timangoti Bufeni, diclofenac, naproxen ndi Indosidi. Panado amachepetsa ululu pang'ono koma kutupa sakukhudza. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa piritsi limodzi lero, mawa osamwa, kenako n'kunena kuti sagwira ntchito. Kuti adokotala adziwe ngati mankhwala akuthandiza, muyenera kumwa tsiku lililonse pa mlingo umene akuuzani kwa masabata 2 mpaka 4. Akakanika mtundu woyamba amayesa wina. Ngati vuto lanu lalikulu ndi kuuma kwa m'mawa, funsani ngati mungamamwe mlingo womaliza madzulo mutadya nsima.

Mankhwalawa ali ndi mano. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kukweza BP ndi kuononga impso. Musamwe pamimba popanda kanthu, ndipo musaphatikize mitundu iwiri, monga Bufeni m'mawa Indosidi madzulo, chifukwa kuopsa kumawonjezeka koma thandizo ayi. Amene anadwalapo zilonda za m'mimba, amene ali ndi shuga, BP, mphumu kapena vuto la impso, ndi amayi oyembekezera, auze adokotala asanalandire piritsi loyamba. Ena amapatsidwa omeprazole woteteza m'mimba. Amene akumwa ma ARV a 13A adziwe kuti muli tenofovir, amenenso amalemetsa impso, choncho a kukiliniki yawo ya ma ARV ayenera kudziwa ndipo impso ziziyezedwa nthawi ndi nthawi. Chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi, kutupa mapazi kapena kuchepa kwa mkodzo ndi zizindikiro zoti musiye kumwa n'kuthamangira kuchipatala.

Za jakisoni samalani. Jakisoni wa steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa, wobaya pamalo opweteka amathandiza m'malo ena, koma mu mtsempha wa Achilles sabayamo chifukwa umatha kufooka n'kuduka. Mapiritsi a prednisolone omwa miyezi yambiri sathandiza msana wa matendawa, amangofewetsa mafupa ndi kukweza shuga. Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi ciprofloxacin, Cipro uja amene amaperekedwa wamba pa matenda a m'mimba ndi a mkodzo. Amatha kufooketsa mtsempha womwewu, makamaka kwa achikulire ndi amene akumwa prednisolone. Wina akafuna kukulemberani Cipro, muuzeni za chidendene chanu kuti aone ngati pali mankhwala ena. Kutemera mphini pa chidendene chotupa kumangowonjezera bala pamalo amene khungu lake limachedwa kale kupola.

Chachisanu, kusamalira chidendene tsiku ndi tsiku

Apa ndi pamene pali ntchito yanu yaikulu. Yambani musanatsike pabedi. Khalani tsonga miyendo mutawongola, kolekani chitenje kapena thaulo kuphazi m'munsi mwa zala, ndipo kokerani kwa inu pang'onopang'ono bondo lisapindike, mpaka mumve katumba kukokeka. Gwirani masekondi 30, masulani, bwerezani katatu phazi lililonse. Mukatero kuponda koyamba sikubaya kwambiri. Ikani nsapato pafupi ndi bedi, chifukwa simenti yozizira ya mu June ndi July, chiperoni chitakuta mzinda, si yopondapo ndi phazi lopanda kanthu. Kusamba madzi ofunda m'mawa kumamasula thupi lonse.

Masana kapena madzulo yang'anani khoma, tsamirani ndi manja onse awiri, bwezani mwendo wodwala kumbuyo chidendene chili pansi, ndipo pindani bondo la kutsogolo mpaka katumba wa kumbuyo akokeke. Masekondi 30, katatu. Kukoka kuzimveka, koma kusabaye. Ngati pomera mtsempha patupa kwambiri sabata imeneyo, chepetsani kukoka ndipo musayese zoima m'mphepete mwa sitepe chidendene chikulendewera m'munsi, pakuti kutero kumapanikiza mtsempha pa fupa pomwe pali vuto. Kutupa kukachepa yambani kulimbitsa. Imani pamalo osalala mutagwira tebulo, nyamukani ndi zala, n'kutsika pang'onopang'ono, maulendo 10, ndipo muziwonjezera masabata akamapita. Muyezo wake ndi wa mawa lake. Mukadzuka ululu uli monga unalili dzulo, pitirizani. Ukakula, munapyola.

Mukabwera kuntchito phazi likutentha, ikani ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15. Amene ali ndi firiji aumitse madzi m'botolo la pulasitiki n'kumaligubuduza kuphazi atakhala pampando. Amene alibe, madzi ozizira a m'beseni amathandizako.

Nsapato n'zofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Mapatapata ndi nsapato zopyapyala kunsi zimazunza chidendene. Fufuzani nsapato yofewa kunsi, yokwera pang'ono kumbuyo, imene m'mphepete mwake simukhula pomwe patupa. Sizilira kugula zodula m'sitolo ayi, pa kaunjika zilipo zothamangira zabwino, bola muone kuti kunsi sikunadyeke mbali imodzi. M'mafamase ena amagulitsa timapilo ta mphira toika pansi pa chidendene. Ikani m'nsapato zonse ziwiri ngakhale phazi lodwala lili limodzi, kuti chiuno chisapendekeke.

Mzinda wathuwu ndi wa zitunda, ndipo wokhala ku Mbayani, m'mphepete mwa phiri la Soche kapena kumtunda kwa Ndirande amadziwa kuti njira yachidule nthawi zonse ndi yokwera. Chitunda chimakoka mtsempha wa Achilles kwambiri. Masiku amene chidendene chakwiya, sankhani njira yozungulira koma yosakwera, yendani ndi mapazi afupiafupi, ndipo ndowa ya madzi kapena thumba la makala anyamule ena. Mpira ndi kuthamanga ziyambe zaima. Koma kugona tsiku lonse ndiye ayi, chifukwa msana umauma kwambiri munthu akangokhala. Njinga yopalasa pamalo osakwera ndi kusambira, kwa amene angapeze posambira, zimayendetsa thupi osalemetsa zidendene.

Msana ndi chifuwa zisatsalire

Tsiku lililonse imani chotsamira khoma, zidendene, matako ndi mapewa zikhudze khomalo, ndipo yesani kufikitsa nkhongo kukhoma osadzutsa chibwano. Kamodzi pa mwezi wina ayeze mpata wotsala pakati pa mutu ndi khoma n'kulemba m'kope, chifukwa mpata ukamakula ndiye kuti msana wayamba kupindika. Gwadani manja ali pansi, tukulani msana m'mwamba kenako muubweze pansi, maulendo 10. Cheukani uku ndi uku mutakhala pampando. Ikani manja m'nthiti n'kukoka mpweya mpaka nthiti zitambasuke, kangapo m'mawa ndi madzulo, kuti chifuwa chisaume. Kugona chafufumimba mphindi 15 pa tsiku kumawongola chiuno. Usiku gonani pa matiresi olimbirako ndi mtsamiro wopyapyala. Ogwira ntchito pa kompyuta, oyendetsa magalimoto ndi osoka zovala azidzuka ikangokwana theka la ola, ngakhale kungoima ndi kudziwongola.

Pemphani adokotala akutumizeni kwa a mafizo. Ku Gulupu aliko, ku Kachere Rehabilitation Centre alikonso, ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa akatswiri a ntchitoyi mu mzinda momwe muno. Iwo amaona mmene mukuyendera n'kukukonzerani mafizo oyenera thupi lanu, kenako mumapitiriza nokha kunyumba. Fodya siyani. Osuta msana wawo umalumikizana msanga ndipo mankhwala sawagwira bwino. Kuchepetsa thupi, kwa amene alemera, kumapeputsa zidendene.

Zikakanika

Mukamwa mitundu iwiri ya mankhwala ochepetsa kutupa mokwanira, mafizo mukuchita, koma kope lanu likuonetsa kuti kuuma kwa m'mawa sikukufupika, bwererani ndipo pemphani kuonana ndi dokotala wamkulu wa matenda a m'thupi. Ngati mawondo kapena akakolo akutupa, akhoza kuwonjezera sulfasalazine. Amene Bactrim kapena Fansidar anawatulutsapo ziwengo anene msanga, chifukwa mankhwalawa ndi apachibale. Methotrexate amathandiza amene ali ndi vuto la pakhungu lija pamodzi ndi kutupa kwa molumikizana mafupa, koma msana sauthandiza, ndipo ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati. Alipo mankhwala amphamvu obaya monga adalimumab, etanercept ndi secukinumab, amene amathandiza kwambiri msana ndi zidendene zomwe. Ndi okwera mtengo zedi ndipo sapezeka wamba kuno. Amene angawapeze, kaya kudzera m'chipatala cholipira kapena kunja kwa dziko, ayenera kuyezedwa kaye TB, HIV ndi hepatitis B, chifukwa mankhwalawa amatsitsa chitetezo cha m'thupi ndipo TB imene inangogona imatha kudzuka. Pa ulendo umenewo tengani X-ray zanu zonse zakale, kuti adokotala ayerekeze chithunzi cha chaka chino ndi cha zaka za m'mbuyo.